Kodi Pioneer Idakhala Pamchenga Mwangozi?

Pamsonkhano wathu wa sabata yatha tidamvetsera sewero la mnzathu wina lonena za imfa ya Bishopu Mackenzie. Monga mukukumbukira inu amene mudalipo, nthawi yonse idathera pa mkangano woti kodi Mmang'anja wa chaka cha 1862 angalankhule Chichewa cha pa wailesi, ndipo mlonda adafika ndi makiyi ake ine dzanja likadali m'mwamba. Tsono zimene ndidafuna kunena usiku uja ndazilemba pano. Za chilankhulo ndawasiyira eni ake. Langa dandaulo lili pa chigawo chachiwiri, pamene sitima ya Pioneer yakhala pamchenga mu mtsinje wa Shire.

Kwa inu amene simudabwere, chigawocho chikuyenda motere. Sitima yaponya nangula madzulo, anthu onse agona bwinobwino. Kutacha apeza kuti madzi athawa usiku, sitima yakhala pamchenga, yapendekera mbali imodzi, mbale ndi makapu zikugubuduzika pansi. Mmalinyero wina wachizungu akulimbitsa anzake mtima kuti asadandaule, mafunde abwera madzulo adzainyamula. Madzulo akwana, mafunde osabwera. M'mawa mwake chimodzimodzi, mpaka masabata 5. Potsiriza Livingstone agwada pamchenga paja nafunsa Mulungu chifukwa chimene wamutsekera njira mwadzidzidzi chotere. Pamenepa ambiri mudawomba m'manja, ndipo inenso ndidawomba, pakuti mnzathuyu mawu amadziwa kuwayala. Koma pobwerera kogona mawu awiri adayamba kundisowetsa mtendere: mafunde, ndi mwadzidzidzi. Liwu loyambalo walakwitsa yekha mnzathu, ndipo nlosavuta kukonza. Lachiwirilo adachita kubwereka, ndipo amene adam'bwereka ndiye ndikufuna kuti tikambirane.

Ndisanapitirire ndiulule kuti ine ndi mlembi wa seweroli tonse ndife ana a ku Lilongwe, iye wa ku Area 25, ine wa ku Chinsapo. Madzi aakulu amene tidakula tikuwadziwa ndi mtsinje wa Lilongwe, ndi damu la Kamuzu ku Malingunde limene tidakaliona pa ulendo wa sukulu. Nyanja ya mchere tidakumana nayo m'mabuku a Chingerezi. Choncho sindikumuseka ayi. Dzenje limene wagweramo ndidagweramonso ine ndili Fomu 2.

Angerezi ali ndi kaliwu kamodzi kotchulira kudzala ndi kuphwa kwa nyanja ya mchere. Ife tilibe, chifukwa nyanja yathu sichita zimenezi mwakuti diso nkuona, ndipo aphunzitsi ambiri akapanikizika m'kalasi amangoti ndi mafunde. Koma mafunde amadza ndi mphepo, monga mwera umene umavutitsa asodzi a ku Nkhotakota m'miyezi yozizira, ndipo palibe angakuuzeni lero kuti mwezi wamawa pa tsiku lakuti mafunde adzatalika chotani. Kudzala ndi kuphwa kwa nyanja ya mchere kumadza ndi mwezi wa kumwambawu. Mwezi umakoka madzi a dziko lapansi, dzuwa nalo limakokako, kotero kuti m'madoko ambiri madzi amakwera kawiri ndi kutsika kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50. Kuchokera pamene adzala kufikira pamene aphwa pamapita maola 6 ndi mphindi zingapo. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala kumdima, mphamvu yake ndi ya dzuwa zimakokera kumodzi, ndipo madzi amakwera kuposa masiku onse, nkutsikanso kuposa masiku onse. Ku Beira masiku otere kusiyana kwake kumapitirira mamita 6, ndiye kuti nyumba ya ku Biwi ingamire ndi denga lomwe m'mawa, masana nkukhala poyera.

Chithunzi chimene mnzathu watijambulira, cha chombo chogona pa nangula nkudzuka chili pamchenga, nchochokera ku madoko otere. Kumeneko zimachitikadi. Munthu amamangirira ngalawa yake ya matanga pamalo pamene yakhala ikuyandama bwino sabata yonse, osawerengera kuti mwezi ukukula ndipo kuphwa kwa mawa kudzaposa kwa dzulo. Mwina mphepo imatembenuka usiku nkukankhira ngalawayo kumbali kumene kuli kosaya, unyolo wa nangula uli wautali. Madzi akachoka, msana wa pansi pa ngalawa umagunda nthaka, ngalawa nkugona cham'mbali. Mwini wake amati zamudzidzimutsa, koma anzake padoko amadziwa kuti sadawerenge bwino, pakuti zonsezi zimalembedwa chaka chisanayambe. Boma la Britain lidayamba kusindikiza mabuku a nthawi za kudzala ndi kuphwa kwa nyanja mu 1833. Ndiponso chilango chake nchopepuka. Ngati ngalawa sidabooke, mwini wake amangokhala pansi nkumasuta fodya wake, pakapita maola owerengeka madzi abwera okha. Akachita tsoka lalikulu, nkukwera pamchenga pa tsiku limene madzi adadzala kopambana, adikira masabata 2 kuti mwezi ubwerere pamene udali.

Mudzi wa Chibisa, pafupi ndi boma la Chikwawa lero, uli kutali ndi nyanja ya mchere, ndipo mtsinje wa Shire pamenepo ulibe nawo ntchito mwezi. Kudzala kwake kumadza kamodzi pachaka, ndi mvula. Sitima ikakhala pamchenga mu Novembala, madzi oti aichotse akadali m'mitambo. Mmalinyero wa m'seweromo akadakhala munthu woseketsa kwambiri, ndi womvetsa chisoni pomwe, mlembi akadadziwa kuti akulakwitsa, natisonyeza munthu wobwera ndi wotchi ya ku Portsmouth pa mtsinje woyendera nyengo za alimi. Koma mlembi akudikira mafunde limodzi ndi mmalinyero wakeyo, ndiye nthabwala yamugwera iye mwini. Izi nzokonzeka ndi cholembera pa mphindi 10. Tibwere ku liwu lachiwiri lija.

Kwathu ku Chinsapo kuli anthu amene amakumba mchenga mu mtsinje wa Lilongwe nkumagulitsa kwa omanga nyumba. Malume anga adagwira ntchito imeneyi zaka zambiri. Sukulu sadapite nayo patali, koma ankadziwa mwezi umene malole angatsikire mpaka pamadzi, ndi sabata imene dalaivala wanzeru amaima kumtunda nkutuma mawilibala. Ankadziwa kuti mvula yoyamba njabodza: mtsinje umafufuma tsiku limodzi, madzi ofiira, m'mawa mwake wabwerera mwakale, ndipo mchenga umene udali apa wasamukira apo. Lole ikatitimira, dalaivala ankati ndi ngozi. Malume ankamuyankha kuti ngozi ndi mphezi, kutitimira ndi kusafunsa. Ine sindingakhulupirire kuti m'mbali mwa Shire mu 1861 mudalibe anthu onga malume anga. Amang'anja adali ndi mabwato awo, ankaoloka tsiku ndi tsiku, ankalima m'madimba motsata kuphwa kwa madzi omwewo. Kwa iwo kuchepa kwa mtsinje mu Novembala kudali kodzidzimutsa monga mmene kulowa kwa dzuwa kumadzidzimutsira nkhuku.

Nanga mnzathu maganizo oti zidachitika mwadzidzidzi adawatenga kuti? Adatiuza yekha kuti adawerenga buku la David ndi Charles Livingstone lotchedwa Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, lotuluka mu 1865. Nanenso ndakhala ndikulibwereza sabata ino, ndipo ndapeza kuti mnzathu adaliwerenga mokhulupirika ndithu. Vuto lake lagona pomwepo.

Tiyeni tiyale zimene zidachitika. Pioneer idafika pamene Zambezi amathira m'nyanja pa 31 Januwale 1861, ndipo masiku omwewo kudafikanso Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya UMCA. Sitimayi idakonzedwa kuti izilowa m'madzi mapazi 3, koma poilimbitsa kuti ithe kuoloka nyanja ya mchere idalemera nkumalowa mapazi 5. Livingstone adayamba wakayesa mtsinje wa Rovuma, nabwerera msanga ataona madzi akuchepa. Adalowa mu Zambezi kumayambiriro a Meyi, koma kwa Chibisa adafika mu Julayi, atakhala akukhwekhwereza sitima pamichenga. Amalinyero ankakweza nangula pa boti, kukamuponya kutsogolo, onse nkumapukusa chingwe mpaka sitima itasuntha pang'ono, kenaka kuyambiranso. Pamchenga wina adakhalapo masabata 2, madzi atangoperewera mainchesi 2 kapena 3. Zimenezi bukuli likunena lokha. Tsono munthu amene adavutika chotero pokwera, mvula itangosiya kumene, akadayembekezera chiyani potsika pa 15 Novembala, kumathero a chilimwe? Sitima idayenda mailosi 20 okha kuchokera kwa Chibisa, nkukhala. Idakhala pamenepo masabata 5, kufikira mvula itadzaza mtsinje.

Chimene chikukulitsa nkhaniyi ndi pangano. Sitima isananyamuke, Livingstone adapangana ndi Bishopu kuti adzakumane pamene Ruo amathira mu Shire pa 1 Januwale 1862. Ganizo lidali loti Pioneer itsike mpaka kunyanja, ikatenge mlongo wake wa Bishopu ndi mkazi wa m'busa Henry Burrup, ndipo ikwerenso kudzafika pa Ruo pa tsikulo. Kutsika ndi kukwera komwe pa masabata 6 ndi theka, pa sitima imene idatha miyezi 2 pa ulendo wokwera wokha! Pioneer idadutsadi pa Ruo pa 7 Januwale, koma ikutsika, kunyanja isanakafike nkomwe. Bishopu ndi Burrup nawonso adachedwa. Adatsika pa bwato kuchokera kwa Chibisa, bwato lidagubuduzika usiku, mankhwala onse pamodzi ndi kwinini nkupita ndi madzi. Adafika pa Ruo patapita masiku 4 sitima itadutsa, nakhala pa chilumba cha Malo kudikira kuti ibwerere. Bishopu adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale. Burrup adamunyamula kupita naye ku Magomero, ndipo adakamwalira komweko mu Febuluwale. Kunyanja nakonso, ngalawa ya matanga yotchedwa Hetty Ellen, imene idanyamula amayi aja pamodzi ndi Mary Livingstone, idafika kumayambiriro a Januwale, sidapeze munthu, idapitirira ku chilumba cha Mozambique, nkudzabwerera kumapeto a mwezi. Mary adamwalira ku Shupanga pa 27 Epulo.

Sindikunena kuti mchenga uja ndiwo udapha Bishopu. Adamupha malungo, ndipo kuchedwa kwake ndi kukhala kwake pachilumba popanda kwinini zidali zosankha yekha. Koma chotsanipo masabata 5 aja muone ngati maliro onsewa angatsatane mmene adatsatanira. Aliyense m'nkhaniyi akudikira Pioneer: Bishopu pa Ruo, amayi kunyanja, otsala ku Magomero.

Tsono onani mmene bukuli likusimbira masabata amenewo. Onse asanu akutha m'mizere yowerengeka. Tikuuzidwa kuti kudikirako kudali kotopetsa, kuti malowo adazunguliridwa ndi madambo, ndi kuti wothandiza kalipentala, mnyamata wathanzi, adadwala malungo namwalira, imene idali imfa yoyamba ya mzungu pa ulendowo. Bukuli likumutchula ndi ntchito yake. Kenaka mtsinje wadzala, tsamba latembenuka. Yerekezani zimenezi ndi malo amene buku lomweli lapereka kwa mbalame, mvuu ndi njovu 800 za ku Elephant Marsh. Munthu amene angawerenge njovu mpaka 800 sakadalephera kutiuza zimene anthu adachita, zimene adadya ndi zimene adakangana pa masiku 35 ali pamalo amodzi.

Bukuli lilinso ndi chizolowezi chimene ife ofuna kukhala alembi tiyenera kuchiyang'anitsitsa. Lidalukidwa kuchokera m'madayale a abale awiriwa, ndipo limalankhula ndi "ife", koma Livingstone mwini wake limamutchula ngati munthu wina, Dotolo. Dotolo ndiye amakwera matanthwe kukaona mathithi, Dotolo ndiye amalankhula ndi mafumu. Sitima ikakhala pamchenga pamatsala ife, ndipo ifeyo zinthu zimangotigwera. Wowerenga sakuona munthu ataima pa sitima nkunena kuti tinyamuke lero. Chonsecho wolamula sitimayo adali Livingstone yemwe. Katswiri wa zapamadzi amene adanyamuka naye ku Britain, Norman Bedingfeld, adakangana naye nachoka mu 1858, ulendo utangoyamba kumene.

Mlandu ukafuna mwini m'bukuli, umagwera chitsulo. Sitima yoyamba, Ma Robert, ikunyozedwa kuyambira pachiyambi kufikira pamene idamira mu Zambezi mu Disembala 1860: imadya nkhuni ngati uvuni wa njerwa, imadontha, idamangidwa moipa. Pioneer ikuyamikiridwa kuti njolimba, koma dandaulo lili pa mapazi 2 oonjezera aja, ndipo tikutsimikiziridwa kuti ikadakhala yolowa mapazi 3 ikadayenda bwino nyengo iliyonse. Yachitatu, Lady Nyassa, imene Livingstone adalipira ndi mapaundi 6,000 a m'thumba mwake, kunyanja yathu sidafike konse, ndipo mu 1864 adaoloka nayo nyanja ya mchere kukaisiya ku Bombay. Mtsinje wokha ndiwo sukuzengedwa mlandu, pakuti kuzenga mtsinje kukadakhala kuzenga Dotolo. Ndi iyeyo adauza anthu a kwawo kuti Zambezi ndi msewu wa malonda ndi Chikhristu, ndipo mishoni ya UMCA idabadwa ndi mawu amene adalankhula ku Cambridge mu Disembala 1857. Potsika Zambezi mu 1856 adalambalala mathithi a Cahora Bassa osawaona, nadzawapeza mu Novembala 1858 atatseka msewu wakewo. Shire udali msewu wogwirizira, ndipo nawonso adaupeza ndi mathithi ake mu Januwale 1859. Pofika 1865 boma lidali litauthetsa kale ulendowo, ndipo anthu ku London ankafunsa chimene ndalama zawo zidagula. Choncho Narrative ndi buku la munthu amene akuyankha mlandu. Woyankha mlandu amene ali wochenjera sanama ayi. Amangofulumira pamene pakumutentha, nachedwa pamene pali mthunzi.

Pano ena mwa inu, makamaka aphunzitsi athu a mbiri yakale, munena kuti ndikuweruza munthu wa 1861 ndi nzeru za lero. Koma John Kirk, dotolo ndi katswiri wa zomera pa ulendowo, adali pa sitima yomweyo, ndipo dayale yake, imene idasindikizidwa mu 1965, ikusonyeza kuti pa ulendo wachiwiri wa ku Rovuma mu 1862, ataona mtsogoleri wake akukakamiza maboti pa madzi osaya tsiku ndi tsiku, adayamba kukayika ngati mutu wa mkuluyo ukuyenda bwino. James Stewart, m'busa wa ku Scotland amene adabwera kuno atatenthedwa mtima ndi buku loyamba la Livingstone, Missionary Travels, adaliponya bukulo mu Zambezi mu 1863. Umboni wina ndi wa Livingstone mwini. Kalata yomuitana kwawo idamupeza mu Julayi 1863, Pioneer ili kumtunda kwa Shire, kunsi kwa mathithi. Ulendo uno sadayesenso. Adadikira mpaka Januwale 1864 kuti mtsinje udzale, ndipo pamenepo adatsika.

Ndisamveke ngati ndikuti bukuli nlachabe. Pamene likusimba za 16 Julayi 1861, tsiku limene adamasula akapolo 84 pamudzi wa Mbame, maso ake ngakuthwa zedi: tikuona magoli m'makosi mwa amuna, tikumva macheka akuwadula, tikuona amayi akuphika chakudya pa moto wa magoli omwewo. Pamene likusimba za njala ndi nkhondo za 1863, mitembo ikuyandama mu Shire, amalinyero m'mawa uliwonse akuchotsa imene yakodwa m'mapiko a gudumu la sitima, palibe wowerenga angatseke buku nkukagona tulo tabwino. Masamba amenewa adagwira ntchito yaikulu podziwitsa dziko za ukapolo wa kuno, ndipo ndimawalemekeza. Koma akutsimikizanso kuti mlembiyu mtsinje ankatha kuuona. Amauona bwino pamene ukuchitira umboni mlandu wa ogula akapolo ndi Apwitikizi. Ukayamba kuchitira umboni mlandu wake iye, amatsinzina.

Palinso za mayina. Bukuli likuyamikira Bishopu, Horace Waller ndi Scudamore kuti ankagwira nawo chingwe pokoka sitima, ndi kuti ankalimbika ngati wina aliyense. Chabwino. Nanga wina aliyenseyo ndani? Pa ulendowo padali amuna a ku Sena, padalinso Amakololo amene adatsika ndi Livingstone kuchokera ku Sesheke mu 1860. Amakololowo adatsala kwa Chibisa, ndipo mayina a ena mwa iwo ndi maufumu a ku Chikwawa mpaka lero: Kasisi, Katunga, Maseya, Mlilima. Pachingwe paja sakuoneka. M'sewero la mnzathu nawonso anthu a m'mbali mwa mtsinje akulowa kawiri kokha, poyamba kudzagulitsa nkhuku, potsiriza kudzalira maliro. Apa ndiye mnzathu wabwereka ndi maso omwe.

Aphunzitsi athu a zisudzo atiuza mokwanira za Aristotle, ndipo sindibwereza. Koma ngakhale wosamudziwa Aristotle amazindikira kuti munthu wogundidwa ndi mphezi timamulira tsiku limodzi, pamene wolowa yekha m'dzenje akuliona timamukamba chaka chonse. Livingstone wogwada pamchenga nkumafunsa Mulungu ndi munthu wa mphezi, ndipo nchifukwa chake chigawo chachiwiri chikukoma m'makutu koma sichikusuntha, monga sitima yakeyo. Sewero lenileni lili pa tsiku la pangano kwa Chibisa, limene mnzathu walilumpha. Pamenepo pali amuna awiri olimba mutu, wina Mskotchi wa ku fakitale ya thonje ku Blantyre, wina katswiri wa masamu wa ku Cambridge, amene ayamba kale kusiyana maganizo pa za nkhondo ndi Ayao, ndipo aliyense sakufuna kuoneka wamantha pamaso pa mnzake. Wina atchula 1 Januwale. Mnzake, amene adagwira yekha chingwe pokwera ndipo masamu amawadziwa kuposa onse, avomera. Ndikadakonda kuona mphindi imeneyo pabwalo, kachetechete wake ndi zonse.

Ndipo pamchenga paja ndikadaikapo mwini bwato mmodzi. Asalalikire ayi, tatopa nawo akuluakulu a m'masewero athu amene akatsegula pakamwa pamangotuluka miyambi. Angodutsa ndi bwato lake m'mawa uliwonse pambali pa sitima, pamadzi omwewo amene aikanika, akupita kukaonjola miono yake. Tsiku loyamba apereke moni. Sabata yachiwiri agulitse nsomba. Yachitatu akweze mtengo. Wina pa sitima amufunse kuti madzi abwera liti, iye ayang'ane kumapiri a Thyolo, atchule nthawi yake, ndipo womasulira aope kunena zoona, auze Dotolo kuti akuti posachedwa. Anthu adzaseka, ndipo akadzamva kuti mnyamata wa kalipentala wamwalira adzakumbukira kuti anaseka.

Mwina mukudabwa kuti ndalimbikiranji chotere pa sitima imene idaola kalekale. Nkhani ya mchenga wa mu Shire sidathere mu 1862. Sitima za malonda zidayendadi mu mtsinjewu zaka zambiri pambuyo pake, makamaka njira ya ku Chinde itadziwika mu 1889, koma zinkayenda movutikira chilimwe chilichonse. Njanji ya ku Blantyre, yotsegulidwa mu 1908, idayenera kukayambira ku Port Herald, kumene ndi ku Nsanje lero, chifukwa kumtunda kwake madzi sankadalirika. Pasanathe zaka 10 adaitalikitsa mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, pa chifukwa chomwecho, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana udamaliza nkhani ya sitima. Zaka zomwezo, kuyambira cha mu 1915 kufikira cha m'ma 1930, nyanja yathu idatsika mwakuti madzi adaleka kutuluka bwino ku Mangochi. Zonsezi zili m'mabuku a m'laibulale mwathu momuno. Komabe pa 23 Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsegula doko la Nsanje pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Ine ndidali wamng'ono, koma ndikukumbukira bambo anga ku Chinsapo atakumbatira wailesi, akutiuza kuti feteleza ndi mafuta zitsika mtengo. Chombo cha feteleza chimene khamu lidasonkhanira sichidafike, chidagwidwa ndi boma la Mozambique mu Zambezi. Pamenepo padali ndale, sindikana, koma chimene a Mozambique ankafunsa nchoti mtsinjewo uyambe wafufuzidwa. Zaka zoposa 10 zidapita doko lili chilili, lopanda chombo cha katundu. Pamene ana a sukulu akuphunzitsidwa kuti Pioneer idachedwa mwatsoka, akuphunzitsidwanso kuti msewuwo ulipo, changosowa ndi sitima yoyenera. Sewero la mnzathu, mmene lililimu, likuphunzitsa zomwezo, ndipo likuphunzitsa mokoma kuposa buku la sukulu.

Kanthu kena kakang'ono, achimwene, musanakalembenso. M'chigawo chachitatu Bishopu wanu akutemberera udzudzu kuti ndiwo wamupatsa malungo. Ronald Ross adatulukira zimenezo mu 1897. Anthu a 1862 ankaopa mpweya woipa wa m'madambo, ndipo udzudzu ankangodana nawo chifukwa cha tulo. Mukakonza, mbali ya mwini bwato mundisungire. Mawu ake ngochepa, ndipo nkhafi ndikabwereka ndekha.